Chaka ndi theka chichitidwireni opaleshoni ya gastric bypass: zimene zasintha m'mimba mwanga

Anthu akamva zoti ndinachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi amaganiza kuti adokotala anangondichepetsera chifu kuti ndizidya pang'ono, basi. N'zoona kuti ndimadya pang'ono, koma nkhani yaikulu ili m'matumbo. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga a kuno ku Joni amene shuga wawazunza, ndipo amandifunsa ngati nawonso angayese.

Ndinali ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, BP inali yokwera, mawondo ankandiwawa moti masitepe a kuntchito ndinkawakwera mopumira. Mapiritsi a shuga a metformin atalephera paokha, anandiwonjezera jakisoni wa insulin. Medical aid ya kuntchito inavomera kulipira gawo la mtengo, koma nditadutsa kaye kwa dokotala wa shuga, katswiri wa kadyedwe komanso wa zamaganizo. Malangizo amene mabungwe a madokotala a opaleshoniyi anatulutsa mu 2022 amati munthu wa BMI (muyezo woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) ya 35 kapena kuposa angaganiziridwe, ngakhalenso wa BMI yoyambira pa 30 ngati ali ndi matenda ngati shuga. Pa opaleshoniyo, yotchedwa gastric bypass, amadula kumtunda kwa chifu n'kupanga kathumba ka mamililita pafupifupi 30, kukula ngati dzira, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, chakumunsi pang'ono. Chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chigawo choyamba cha matumbo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti shuga anatsika ndisanayambe n'kuonda komwe. Ndinatuluka m'chipatala insulin atandichepetsera kale, ndipo pasanapite nthawi anandisiyitsa. Madokotala anaziona kalekale zimenezi. Walter Pories wa ku America analemba za izo mu 1995. Kudya pang'ono kwambiri kwa masabata oyambirira kumathandiza, koma palinso china. Chakudya chikafika msanga kumunsi kwa matumbo aang'ono, maselo a kumeneko amatulutsa mahomoni ochuluka otchedwa GLP-1 ndi PYY. GLP-1 amauza kapamba kuti atulutse insulin, ndipo onse awiri amauza ubongo kuti munthu wakhuta. Mankhwala a Ozempic amene atchuka masiku anowa amatsanzira GLP-1 yemweyo. Ine kusintha kumeneku ndinakumva m'mutu. Kale ndinkadya nkhomaliro ndikuganizira za mgonero, koma maganizo amenewo anangozilala.

Tsopano za tizilombo ta m'matumbo. Palibe amene amakonda kukamba zimenezi, koma ndinena: m'miyezi yoyambirira mpweya wa m'mimba unachuluka, fungo linasintha, chimbudzi chinasintha, ndipo m'mimba munkalira ngakhale pakati pa msonkhano. Katswiri wa kadyedwe uja anandifotokozera kuti munthu amanyamula mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, olemera magalamu ngati 200, ambiri mwa iwo m'matumbo aakulu, ndipo opaleshoni imawasokonezera malo okhala. Asidi wa m'chifu amachepa, choncho mabakiteriya a m'kamwa monga Streptococcus ndi Veillonella, amene kale ankafera m'njira, amafika kumunsi ali moyo. Madzi a ndulu amakumana ndi chakudya mochedwa. Chakudyanso chimafika chisanagayike bwino. Zotsatira zake, gulu la mabakiteriya achibale a E. coli limachuluka, ndipo nthawi zambiri amachulukanso Akkermansia muciniphila, amene amakhala m'mamina okuta khoma la matumbo ndipo ofufuza amawapeza ambiri mwa anthu amene shuga wawo ali bwino.

Funso limene linandigwira mtima linali lakuti: kodi tizilomboti timangosintha chifukwa munthu waonda, kapena nato timathandiza kuondetsako? Mu 2013 ofufuza a ku Boston ku America anachita opaleshoniyi pa mbewa, n'kutenga mabakiteriya ake kuika mwa mbewa zina zoleredwa zopanda tizilombo m'matumbo, zomwe sizinakhudzidwe ndi mpeni. Mbewa zolandirazo zinatsika thupi ndi mafuta omwe. Mu 2015 gulu la Fredrik Bäckhed ku Gothenburg m'dziko la Sweden linatenga mabakiteriya kwa amayi amene anachitidwa opaleshoni zaka pafupifupi 9 m'mbuyomo, ndipo mbewa zimene zinawalandira zinasunga mafuta ochepa poyerekeza ndi zimene zinalandira a anthu onenepa kwambiri osachitidwa opaleshoni. Ndulu nayonso ili m'kati mwa nkhaniyi. Asidi wa ndulu amachuluka m'magazi pambuyo pa opaleshoni, ndipo kafukufuku wa mu 2014 anaonetsa kuti mbewa zosowa kachipangizo kolandira uthenga wa ndulu kotchedwa FXR zinabwereranso kunenepa ngakhale zinachepetsedwa chifu.

Zonsezi n'za mbewa, ndipo munthu si mbewa. Komanso gulu la Karine Clément ku Paris linapeza kuti anthu onenepa kwambiri amakhala ndi mitundu yochepa ya mabakiteriya, ndipo opaleshoni imabwezeretsa gawo chabe. Ambiri amakhalabe operewera ngakhale atataya makilogalamu ochuluka. Mfundo imeneyi inandisintha kadyedwe kuposa zina zonse, chifukwa ndinazindikira kuti mbali yotsalayo ili m'mbale yanga.

Vuto lake ndi malo. Madokotala amakulamula kuti upeze magalamu osachepera 60 a mapuloteni patsiku, uyambe ndi nyama, nsomba kapena dzira, ndipo ukamaliza zimenezo kathumba kaja kadzadza. Masamba amasowa pokhala. Koma mabakiteriya abwino amadya fibre, mbali imene thupi siligaya ya m'masamba, nyemba ndi gaga, n'kupanga timafuta tina monga butyrate timene timadyetsa maselo a m'matumbo aakulu. Pamene ndinkangodalira nkhuku ndi zakumwa za mapuloteni za m'mabotolo, chimbudzi chinkauma koopsa. Chimene chinandimasula ndi ndiwo za kwathu. Nyemba zophika mpaka kufewa, nandolo ndi mphodza zimapereka mapuloteni ndi fibre nthawi imodzi. Nkhwani wotendera amalowa bwino. Bonongwe amapezeka kwa amayi ogulitsa m'misewu, kuno amamutcha morogo. Usipa ndi matemba ndimagula kwa abale athu amene amalandira katundu pa mabasi ochokera kumudzi, ndipo ndimadya ndi minga yomwe. Amasi a m'mashopu a kuno ndi chambiko chathu chomwe chija, ndipo m'mimba mwanga amakhalamo bwino kuposa mkaka wamba. Nyemba muziyamba ndi masupuni awiri okha, chifukwa mpweya wake si wamasewera, koma pakapita masabata angapo m'mimba mumazolowera.

Nsima ndiyo imandipweteka mtima. Ya ufa woyera imakhala pachifuwa ngati yakakamira, ndipo imatenga malo a ndiwo. Panopa ndimadya nthongo zochepa za mgaiwa, wofewa, kumapeto kwa chakudya. Madzi sindimwera pa chakudya, ndimadikira mphindi 30.

Zotsekemera zili ndi chilango chake. Shuga akalowa mothamanga m'matumbo aang'ono amakoka madzi, ndipo munthu amatuluka thukuta, mtima umagunda, nseru, chizungulire, mwina kutsegula m'mimba. Madokotala amati dumping syndrome. Nthawi zina zimabwera mochedwa, patapita ola limodzi mpaka atatu, insulin akachuluka n'kugwetsa shuga. Thobwa wothira shuga wambiri, zakumwa za gasi ndi magwinya ndinazisiya pa chifukwa chimenechi.

Tsitsi linathothoka kuyambira cha m'mwezi wachitatu, kenako linameranso. Koma pali zina zosatha. Ayironi ndi calcium zimalowa m'thupi makamaka pa chigawo cha matumbo chimene chinalambalalidwa chija, ndipo vitamini B12 amafunika asidi ndi timadzi tina ta m'chifu kuti alowe. Choncho mapiritsi a mavitamini ndi a moyo wonse, ine ndimabayitsanso B12, ndipo magazi amayenera kuyezedwa nthawi ndi nthawi. Kusowa kwa B12 kapena B1 kungawononge mitsempha. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac ndi oletsedwa chifukwa amayambitsa zilonda pamsoko, ndipo musaiwale kuti ufa wa Grand-Pa umene ambiri timamwa kuno uli ndi aspirin. Mowa umalowa m'magazi mofulumira kwambiri. Amayi amalangizidwa kuti asatenge pakati kwa miyezi 12 mpaka 18.

China chimene madokotala a kuno sangakuuzeni ndi maso a anthu akwathu. Kwa ife, munthu wa ku Joni akanenepa ndiye kuti zikumuyendera, akaonda msanga ndiye kuti pali matenda, ndipo tonse tikudziwa matenda amene anthu amaganizira. Kutchalitchi ena ankandiyang'ana mwachifundo osafunsa. Amayi anga ku Ntcheu atandiona pa foni analira, amvekere, "Mwanawe, usandibisire, ukudwala chiyani?" Ndinawafotokozera mwachifatse, ndipo anakhazikika mtima nditawauza kuti, "Amayi, jakisoni uja ndinasiya, adokotala akuti shuga watsika." Uzani abale anu musanapite kuchipatala, komanso amene amakuphikirani mukawachezera, kuti asaone ngati mukunyoza chakudya chawo.

Panopa sikelo yaima, njala yabwererako pang'ono, ndipo anandichenjeza kale kuti zidzatero. HbA1c yanga, muyezo wa shuga wa m'magazi pa miyezi pafupifupi itatu yapitayo, ili pansi pa 6.5 popanda insulin, mankhwala a BP achepa, ndimayenda ku Zoo Lake mawondo osadandaula. Komabe sindinena kuti ndachiriratu. Pa kafukufuku wa STAMPEDE wa ku chipatala cha Cleveland Clinic ku America, patatha zaka 5, anthu 29 pa 100 alionse ochitidwa gastric bypass ndi amene anali ndi HbA1c ya 6.0 kapena kutsikirapo, poyerekeza ndi 5 pa 100 mwa omwa mankhwala okha. Kusiyana kwake n'kwakukulu, koma zikuonetsanso kuti shuga amatha kubwerera.

Kwa munthu amene shuga ndi kunenepa zikumuwonongera thupi, ine ndingamulimbikitse kuti akakambirane ndi dokotala, ndipo ndikanati ndisankhenso ndikanachita zomwezi. Nkhawa yanga ili pa ife amene moyo wathu kuno umadalira ntchito ndi mapepala. Musanasaine, funsani kuti medical aid ikatha kuyeza magazi kudzakhala ndalama zingati, mavitamini a mwezi umodzi ndi zingati, komanso ngati mutabwerera kumudzi B12 ndi zoyezera zimenezi mukazipeza kuti. Pemphaninso kalata yofotokoza mtundu wa opaleshoni imene munachitidwa ndi mankhwala oletsedwa, yoti muzisonyeza dokotala aliyense, kaya ku Johannesburg, ku Blantyre kapena ku chipatala cha boma cha kwanu.