Kukambirana Kapena Kudzala Mitengo: Chingachepetse Mantha a Ana Ndi Chiti?

Chiwombereni namondwe wa Freddy mu March 2023, alipo ana ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe amene amanjenjemera kumwamba kukangoda. Ena akuphunzirira m'makalasi omwe ankagonamo nyumba zawo zitakokoloka.

Pali njira ziwiri zothandizira anawa kusukulu. Yoyamba ndi bwalo lokambirana: kagulu kochepa, kamodzi pa sabata, mwana aliyense kunena kapena kujambula zomwe zimamusowetsa tulo. Yachiwiri ndi kalabu ya zachilengedwe, monga zija za WESM, bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe m'Malawi: kufesa nazale, kudzala mitengo ndi udzu wa vetiva potchinga kukokoloka kwa nthaka.

Ndalama: bwalo limangofuna mapepala ndi makrayoni. Nazale imafuna machubu, makasu ndi madzi tsiku lililonse.

Kukhalitsa: bwalo limazilala mphunzitsi wake akasamutsidwa. Mitengo imatsala, bola itetezedwe ku mbuzi ndi dzuwa la October.

Luso ndiye pagona nkhani. Kudzala mitengo, mphunzitsi aliyense angatsogolere. Koma mwana akayamba kusisima pofotokoza za mng'ono wake amene anapita ndi madzi, mphunzitsi wosaphunzira za uphungu amafulumira kunena kuti, "Tonthola, zinapita zimenezo." Mwana amatontholadi, koma bala limatsala lili liwisi, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Mwana amene anataya m'bale kapena nyumba ayambire pabwalo, ndipo ngati akulotabe zoopsa, makolo adziwitsidwe kuti apite naye kuchipatala. Amene amangoda nkhawa ndi zomwe amamva pa wailesi, mupatseni mbande yake yoti aziithirira; nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December.