Kalasi ya Loweruka ya croissant wa amondi: ndemanga yanga nditakayesera kunyumba

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu pa kalasi yophika imene ndinalowa kuno ku Lilongwe, yophunzitsa croissant wa amondi. Croissant ndi kabuledi ka batala ka timapepala mkati, kokhota ngati mwezi wongokhala kumene, ndipo amondi ndi mtundu wina wa mtedza wochokera kunja. Amaphunzitsa ndi mayi wina pakhomo pake, m'khitchini yaikulu ya kuseri kwa nyumba. Mukamaweruka amakupatsani kabokosi kopita nako kwanu, ndipo mkati mwake mumakhala amondi wopera, amondi wodula mopyapyala wowaza pamwamba, kabotolo ka madzi onunkhiritsa a amondi ndi pepala la miyeso. Ndinachedwetsa dala ndemangayi kuti ndiyambe ndaphika pandekha kangapo mu uvuni wanga waung'ono, chifukwa zinthu zimayenda bwino aphunzitsi akakhala chilili pambali pako, koma mayeso enieni ali kwanu. Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi ya malonjezo amene anali pa chithunzi chotsatsira kalasi, ndipo ndifikako.

Chimene chinandionetsa kuti ndalama yanga sinapite pachabe ndi chimodzi, ndipo anatiuza tisanamange n'komwe maepuloni: croissant wa amondi sapangidwa ndi croissant wotentha wongochoka mu uvuni. Amafuna wogona, wadzulo kapena wadzana. Ku France komwe kunachokera chakudyachi, ophika buledi anachiyambitsa pofuna kuti ma croissant otsala asatayidwe. Amawang'amba pakati, kuwanyowetsa ndi madzi a shuga, kupakamo kirimu wa amondi mkati ndi pamwamba, kuwazapo amondi wopyapyala, kenako n'kuwabwezera mu uvuni kachiwiri. Ndiye kuti munthu wa pakhomo amene akulakalaka croissant wa amondi safunika kudziwa kukanda ndi kupinda mtanda wa croissant. Angathe kugula ma croissant abwino Lachisanu madzulo, kuwasiya pa mbale osaphimba kwambiri kuti aumeko, Lamlungu m'mawa n'kuwasandutsa chinthu china. Kwa ine, amene ndinkaona ngati chakudyachi n'cha m'mahotela basi, zimenezi zinanditsegula maso.

Aphunzitsi anatisonyeza ndi maso chifukwa chake wogonayo ndiye woyenera. Anatenga awiri, wina wophikidwa m'mawa womwewo, wina wadzulo, n'kuwang'amba m'litali ndi mpeni wa mano wodulira buledi. Onse anawapaka madzi a shuga ofanana. Wadzulo uja anamwa madziwo n'kukhalabe chiimire, timabowo take ta mkati tikuonekabe. Watsopano uja anangofwaphuka, mkati mwake n'kumatana ngati chigumu chosapsa. Atatero anatiuza kuti aliyense akanikize chala pa croissant wake wonyowetsedwa. Chala chizimva chinyezi ndipo pamene mwakanikizapo pazibwerera pang'onopang'ono, koma mukamunyamula pasadonthe kanthu. Muyeso wa chalawu ndiwo ndikugwiritsa ntchito mpaka pano, ndipo sunandikhumudwitsepo.

Madzi a shugawo ndi osavuta. Shuga ndi madzi zolemera mofanana, kuwiritsa mpaka shuga asungunuke, kenako kuziziritsa. A ku France ambiri amathiramo mowa wa rum pang'ono. Mayiwa anayamba afunsa ngati pali amene salawa mowa, ndipo popeza ambiri tinakweza manja, anathiramo vanila ndi kakhungu ka lalanje. Anafunsanso, tisanagwire kalikonse, ngati pali wina amene thupi lake limadana ndi mtedza wa mtundu uliwonse. Ndinawalemekeza pa zimenezi, pakuti ena amangoyamba kuphunzitsa osalabadira.

Pa kirimu wa amondi ndi pamene panaonekera kuti mayiwa ntchito yawo amaidziwa. Muyeso wake ngwosavuta kuloweza: batala magalamu 100, icing sugar magalamu 100, amondi wopera magalamu 100, ndi mazira magalamu 100, omwe ndi mazira awiri apakatikati mutachotsa makoko. Amawonjezerapo supuni imodzi ya fulawa kuti kirimuyo agwirane. Zimenezi zimakwanira ma croissant asanu ndi mmodzi. Makapu anawakaniratu, chilichonse chimadutsa pa sikelo, ndipo anatisonyeza kuti kapu imodzi ya amondi wopera imalemera mosiyana malinga ndi mmene mwaitsinderera. Batala akhale wofewa woti chala chilowe mosavuta, koma asakhale wosungunuka. Mazira asachoke mu firiji n'kulowa m'mbale mwachindunji, chifukwa kuzizira kwake kumalimbitsa batala, kirimu n'kuchita mibulu. Thirani limodzi, sakanizani lilowerere, kenako linalo.

Mfundo imene sindinaimvepo kwina kulikonse ndi yoti kirimuyu sapuntha kwambiri. Ambirife tinazolowera makeke, pomwe timatakasa batala ndi shuga mpaka ziyere mbuu. Apa ayi. Mpweya ukalowa wambiri, kirimu amatupa mu uvuni, n'kusefukira m'mbali mwa croissant, ndipo pozizira amaphwa n'kusiya pamwamba pali gwaa. Anatipatsa mithiko yamatabwa m'malo mwa makina, n'kumayendera mbale iliyonse. Mnzathu wina atayamba kutakasa mwamphamvu, anamugwira dzanja mwaulemu n'kumuuza kuti, “Asisi, pang'onopang'ono, tikungofuna zigwirizane basi.” Akatha kusakaniza, kirimu amapuma mu firiji theka la ola kuti alimbeko, asamayende popaka.

Kabotolo konunkhiritsa kaja kali ndi ntchito yake. Amondi amene timadya fungo lake n'lochepa kwambiri. Fungo limene anthu amalidziwa m'makeke a amondi ndi la amondi wowawa, ndipo ndi limene lili m'kabotolomo. Madontho atatu kapena anayi akwana pa muyeso wonse uja. Mukapyola pamenepo, croissant amamveka ngati mankhwala. Pepala la miyeso linalemba bwino chenjezo limeneli.

Pamene pepalalo linaperewera ndi pa kutentha kwa uvuni. Linangoti madigiri 180, mphindi 15 mpaka 20. Umenewo ndi muyeso woona, koma ndi wa uvuni wawo waukulu wokhala ndi fani, umene umagawa kutentha mofanana. Ambirife kunyumba tili ndi timauvuni ta pa tebulo kapena sitovu yokalamba imene moto wake wam'mwamba uli pafupi ndi thireyi. Mu uvuni wotere amondi wowaza uja amapserera kirimu wa mkati asanapse. Nditawalembera pa WhatsApp n'kuwatumizira chithunzi, anayankha tsiku lomwelo: thireyi itsike pa shelufu ya m'munsi, moto utsike pa madigiri 170, ndipo pamwamba pakayamba kufiira muphimbe ndi foil momasuka mpaka mphindi zikwane. Zinathekadi. Pamwamba panatuluka pofiirira bwino, m'mphepete mokhukhuta, mkati mofewa koma mopsa. Komabe malangizo amenewa anayenera kukhala pa pepala, osati kudikira kuti wophunzira achite kufunsa. Si aliyense amene amalimba mtima kulembera aphunzitsi. Chinanso chimene sanalembe n'choti icing sugar wowaza pomaliza adikire croissant azizire kaye, apo ayi amasungunuka n'kuzimirira.

Tikudikira kuti zipse, anatifotokozerako mbiri pang'ono, ndipo sanaitalikitse. Croissant kholo lake ndi kipferl, kabuledi kokhota ka ku Austria. Munthu wina wa ku Vienna, likulu la dzikolo, dzina lake August Zang, anatsegula bekale mu mzinda wa Paris, mu msewu wa rue de Richelieu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830, ndipo anthu a ku Paris anakonda buledi wake mpaka ophika ena anayamba kutengera. Mtanda wopindapinda ndi batala umene tikuudziwa lerowu unadzabwera pambuyo, m'manja mwa ophika a ku France.

Mtanda wopindapinda umenewu ndi pamene pali dandaulo langa lalikulu. Chithunzi chotsatsira chinanena kuti tidzaphunzira kupanga croissant kuyambira pa fulawa, zonse m'maola anayi. Zimenezo sizingatheke, ndipo ndikukhulupirira kuti mayiwa amadziwa bwino. Mtanda wa croissant umakandidwa lero n'kugona mu firiji usiku wonse. M'mawa mwake mumaukulunga pa chibenthu cha batala, kuusalaza, n'kuupinda patatu. Mumatero katatu, ndipo pakati pa kupinda kulikonse umabwerera mu firiji kukapuma. Kupinda patatu katatu kumapereka mizere 27 ya batala, ndipo ndi mizere imeneyi imene imatulutsa nthunzi mu uvuni n'kulekanitsa mtanda kukhala timapepala. Mukadula ndi kukulunga, ma croissant amafunanso maola awiri kapena kuposa kuti afufume, pamalo osatentha kupitirira madigiri 27, chifukwa kukatentha batala amatuluka n'kudikha pa thireyi. Ntchito ya masiku awiri imeneyi.

Chimene chinachitika n'choti anatulutsa mtanda umene anakanda okha dzulo lake, n'kutisonyeza kupinda, ndipo aliyense anagwirako kamodzi. Unali mwezi wa October, masana dzuwa likuswa mtengo. Pofika kwa anthu omalizira, batala anali atafewa n'kuyamba kutulukira m'mbali, ndodo yosalazira ikumata. Firiji inali imodzi ndipo inali yodzaza ndi mbale zathu za kirimu. Amene anabwera makamaka kudzaphunzira kupinda mtanda anachoka asanakhute, ndipo mayi wina amene amagulitsa masikono ndi makeke pa malo ake anadandaula poyera kuti iye analipirira gawo limenelo. Sindikumunena. Mtengo wa kalasiyi si wamasewera, ndipo munthu wa bizinesi amawerengera kwacha iliyonse. Gawo la kupinda mtanda pa pepala lija ndi theka la tsamba, lopanda chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo silinena kanthu za chochita magetsi akazima mtanda uli mu firiji, chikhalirecho kuno zimenezo zimachitika, ndipo yisiti sadikira magetsi. Chikanakhala chilungamo kulemba kuti kalasiyi ndi ya croissant wa amondi pogwiritsa ntchito ma croissant ophikaphika, ndipo kupinda mtanda n'chionetsero chabe. Anthu akanabwerabe.

Pa nkhani ya batala sananyengerere, ndipo ndikugwirizana nawo. Mu kirimu muzilowa batala weniweni wopanda mchere. Wabwino kwambiri popinda mtanda ndi wa mafuta 82 peresenti, chifukwa madzi ake ndi ochepa ndipo amapindika osathyoka. Majarini ndi wotchipa, inde, koma amasiya mafuta omata kukamwa ndipo amakwirira kukoma kwa amondi amene mwagula modula. Anatilangizanso kuti pogula ma croissant oti tigoneke, tizifunsa ogulitsa ngati ndi a batala kapena a majarini, ndiponso tizisankha opepuka m'manja. Wolemera ngati banzi, mkati mwake mopanda mabowo, samwa madzi a shuga bwinobwino. Amanyowa kunja, pakati n'kukhala pouma.

Amondi wa m'kabokosi anali watsopano, wopera bwino, wopanda fungo la mafuta ogona, koma anatha msanga, ndipo pokagula wina m'sitolo m'pamene ndinadziwa chifukwa chake kalasiyi ili yodula. Amondi salimidwa kuno. Pafupifupi 80 peresenti ya amondi wa dziko lonse lapansi amachokera ku California, ndiye pofika pa shelufu ya ku Lilongwe amakhala atadutsa m'manja ambiri. Apa mayiwa anatithandiza kwambiri, ngakhale anangozinena mwachidule pomaliza. Anati makademiya, amene amalimidwa konkuno ku Thyolo, Ntchisi ndi Mzimba, angalowe m'malo mwa amondi, bola muchepetse batala. Chifukwa chake n'choti makademiya ali ndi mafuta pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake, pamene amondi ali ndi pafupifupi theka. Ndinayesa ndi batala magalamu 70 pa makademiya magalamu 100. Popera mu blender ndinathiramo shuga ndi fulawa uja nthawi yomweyo, n'kumayatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi, chifukwa mukangoisiya ikulira makademiya amasanduka phala la mafuta. Kirimu wake anatuluka wofewa ndiponso wonona kuposa wa amondi, ndipo pamwamba ndinawaza makademiya oduladula. Kunyumba kwathu ena akukonda ameneyu kuposa wa amondi. Ine ndimakondabe wa amondi chifukwa sapitirira kunona, koma wa makademiya sindingachite naye manyazi pa alendo. Nsinjiro za mtedza wathu nazo zimatheka, kungoti fungo la chiponde limalamulira, ndipo chotulukacho n'chokoma koma ndi chinthu china.

Za malo sindinena zambiri. M'khitchini munali mwaukhondo, tinayamba pa nthawi yake, aliyense anali ndi sikelo ndi mbale zake, ndipo tinali ochepa moti aphunzitsi ankatha kufika kwa aliyense. Poimika galimoto m'pochepa. Tengani chotengera chanu chachikulu chafulati, chifukwa ma croissant otentha akasanjikizana m'kabokosi kawo kakatoni amondi wa pamwamba amayoyoka. Mukafika nawo kunyumba, idyani tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake mutawatenthetsa mphindi zochepa mu uvuni. Microwave amawafewetsa n'kuchotsa kukhukhuta konse.

Ngati mukufuna croissant wa amondi pa tebulo lanu kapena kuwonjezera chogulitsa pa kabizinesi kanu, lowani kalasiyi, mukaphunzira zenizeni. Ngati cholinga chanu n'kupinda mtanda nokha, yambani mwawafunsa kuti gawo limenelo likhala lalitali bwanji musanalipire. Kwa aphunzitsi pempho langa n'lakuti, amayi, gawo la mtandali mulipatule likhale kalasi payokha ya masiku awiri, muiike mu June kapena July kukuzizira, ndipo aliyense adzakande ndi kupinda mtanda wakewake kuyambira poyamba mpaka kuutulutsa mu uvuni. Mukatero, dzina langa mulilembe.