IPL, CO2, Fraxel kapena Nd:YAG: ndi makina ati osadetsa khungu la anthu a ku Asia?

Alamu anga ndi Amwenye obadwira ku Durban. Chaka chatha anapita kusaluni ina kukachotsa timadontho ta m'masaya. Anawawalitsa ndi makina a kuwala otchedwa IPL, iwo n'kubwerako akusekerera, nkhope ili see. Patatha masabata atatu, pomwe panali timadontho paja panatuluka zigamba zakuda zoposa zoyambazo, ndipo zinatenga miyezi kuti zizilale. Zinandiwawa, n'chifukwa chake ndakhala ndikuwafufuza makina amenewa.

Gwero la vutoli ndi melanini, utoto wachilengedwe umene umapatsa khungu mtundu wake. Muyeso wa Fitzpatrick, wa mu 1975, umagawa khungu m'magulu 6, kuyambira loyera kwambiri (1) mpaka lakuda kwambiri (6). Anthu ambiri a ku China, Korea ndi Japan ali m'gulu 3 kapena 4, pomwe a ku India ambiri ali mu 4 kapena 5. Khungu lotere likapsa kapena kutupa, limabwezera potulutsa melanini wochuluka, zomwe madokotala amati PIH. Ife a khungu lakuda sitingadabwe nazo: chiphuphu chikapola, banga limatsala. Choipa chake n'chakuti kudako sikuoneka tsiku lomwelo, kumabwera munthu atalipira kale n'kuthokoza.

IPL ndithane nayo msanga. Si laser yeniyeni, ndi kuwala kosakanikirana, kuyambira cha m'ma 500 mpaka 1,200 nm (nm ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), ndipo melanini wa pamwamba amakumwa kwambiri. Munthu woyererako wa ku Korea amene sanapse ndi dzuwa ingamuthandize. Wa gulu 5 ndingamuletse, ngakhale ili yotchipa.

CO2, ya 10,600 nm, ndiye nkhwangwa. Imalondola madzi a m'khungu n'kusenda pamwamba, ndipo pa zipsera zakuya za ziphuphu ndi makwinya okhwima palibe yoiposa. Koma nkhope imakhala ndi nkhanambo sabata yathunthu kapena kupitirira, ndipo kutupa kwake ndi kumene kumaitana PIH. Mnzake Erbium, ya 2,940 nm, imasendanso koma siwotcha kwambiri m'mbali, choncho ndi yofatsirako. Zonse ziwirizi n'za dokotala wa khungu basi. Amene amatuluka zilonda za herpes pamilomo anene msanga kuti apatsidwe mankhwala ngati aciclovir, ndipo amene zipsera zake zimatupa n'kukhala keloid aganize kawiri.

Fraxel ya 1,550 nm ndi anzake ndiwo ndimawakonda pa zipsera zosazama ndi khungu lokhakhala. Njirayi inabwera mu 2004. M'malo mowotcha nkhope yonse, imabaya timizere ting'onoting'ono ta kutentha n'kusiya khungu labwino pakatipakati, ndipo labwinolo limathandiza kupoletsa. Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa. Kafukufuku wa ku Hong Kong wa mu 2007 anaonetsa kuti kuthithikana kwa timizereto kuli ndi gawo lalikulu podetsa khungu, osati mphamvu ya makina yokha, komanso kuti kuziziritsa khungu kumateteza. Ndiye funsani kuti, "Mutchera mothithikana bwanji?" Wodziwa ntchito amatchera motalikirana n'kukuuzani kuti mubwere maulendo angapo. Wolonjeza kumaliza zonse tsiku limodzi, muthaweni.

Tsopano Nd:YAG ya 1,064 nm, imene m'zipatala za ku Seoul inatchuka ndi dzina loti laser toning. Kuwala kwake kumalowa mkati osakodwa kwambiri ndi melanini wa pamwamba, motero mwa onsewa ndi imene imagwirizana kwambiri ndi khungu loderapo. Munthu amatuluka n'kubwerera kuntchito. Komatu ili ndi msampha wake. Ukamapita sabata ndi sabata kwa miyezi, maselo opanga melanini amafooka, ndipo pankhope pamabuka timawanga toyera tomwazikana. Kuda kwa PIH kumazilala pakapita nthawi, koma timawanga toyerati timavuta kwambiri kuchiza. Ine ndimaopa toyerati kuposa zakudazo.

Makina a pico, monga PicoSure ndi PicoWay, amaswa utoto ndi kuwala kothwanima mwachangu kwambiri, kutentha n'kuchepa. Ndi odula, ndipo nawonso angadetse. Ngati khungu lanu ndi loderapo, pemphani 1,064 nm, osati 755 kapena 532.

Pa melasma, zigamba zija zimene zimakonda kubwera ndi pakati kapena mapiritsi akulera, laser isakhale poyambira. Yambani ndi mafuta olembedwa ndi dokotala komanso oteteza kudzuwa a SPF 50, chifukwa kutentha kumatha kuidzutsa n'kubwera yoposa kale.

Alamu aja pano akuonana ndi dokotala wa khungu. Dokotalayo anayamba wawayesa Nd:YAG pakamalo kakang'ono pansi pa chibwano, n'kuwauza kuti adikire mwezi wathunthu asanakhudze masaya. Pakamalopo sipanade, ndipo chisoti chadzuwa sachisiyanso m'nyumba.