Mchenga wamoyo: wa m'thumba, wa kunyanja, kapena kapu ya kwa mnzanu?

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzi. Akuyambitsa thanki ya madzi amchere yowetera nsomba ndi makorali (zamoyo za m'nyanja zokhala ndi chigoba cholimba ngati mwala), ndiye mchenga agule uti? Onse anali ataona matumba olembedwa kuti live sand (mchenga wamoyo), n'kumaganiza kuti popanda thumba limenelo thanki singayende. Ndalemba pano kuti ndisamabwereze kwa aliyense payekha. Njira zilipo zinayi ndipo zonse ndinaziyesapo: mchenga wouma, wonyowa wa m'thumba, wotumizidwa kuchokera kunyanja, ndi kapu yotapa m'thanki ya munthu wina.

Tiyambe tamvana za mawu akuti wamoyo, chifukwa chisokonezo chonse chimayambira pamenepo. Mumchenga mumakhala moyo wa mitundu iwiri. Pali mabakiteriya amene amasandutsa amoniya (poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba ndi zowola) kukhala naitraiti, kenako naitraiti kukhala naitreti, amene si woopsa kwambiri. Ndiye pali tizilombo timene mumationa mukawunikira ndi tochi usiku: ma copepod ndi ma amphipod (tiachibale ta nkhanu tating'onoting'ono), nyongolotsi zokumba, tinkhono, ndi ti brittle star tating'ono ngati chikhadabo. Timeneti ndi timene timatembenuza mchenga, kudya zotsalira, ndi kutsegula tinjira toti madzi azilowa pansi. Mabakiteriya savuta kuwapeza. Tizilomboti ndiye nkhani, ndipo njira zinayizi zimasiyana kwenikweni pa mfundo imeneyi.

Mchenga wouma wa aragonite (mtundu wa calcium carbonate, imene imapanganso zigoba za makorali) mulibe chamoyo chilichonse, choncho mulibenso matenda. Ntchito yake ndi kutsuka basi. Thirani pang'onopang'ono m'ndowa, lowetsani payipi, takasani ndi dzanja mpaka madzi asiye kuoneka ngati mkaka, ndipo pomaliza muzimutsukira ndi madzi a RO/DI, osefedwa ndi makina ochotsa mchere ndi zina zonse zosungunuka. Zimatopetsa msana koma zimatha tsiku limodzi. Ngati mukukayikira kuti ndi aragonite weniweni, donthezani viniga pa kachitsanzo: ukachita thovu ndi calcium carbonate, ukangokhala chete nthawi zambiri ndi silika, ngati mchenga wamba. Kukula kwa njere kusamaleni. Mchenga wosalala ngati shuga umakongola, koma pampu zamphamvu zimauulutsa n'kumakawunjikana pa makorali. Ine ndimakonda wa mamilimita 1 mpaka 2, monga Special Grade wa kampani ya CaribSea, pokhapokha ngati mukufuna kusunga ma wrasse (mtundu wa nsomba) ogona mumchenga, monga a Halichoeres, amene amafuna wofewa kuti asadzichekecheke. Mabakiteriya mumawonjezera a m'botolo, kaya Dr. Tim's One and Only kaya Fritz TurboStart 900, n'kuwadyetsa ammonium chloride mpaka amoniya afike pa 2 ppm (mamiligalamu 2 pa lita). Mlingo wa amoniya ndi naitraiti ukamabwerera pa 0 pasanathe maola 24, thanki yakonzeka kulandira nsomba zoyamba.

Wonyowa wa m'thumba ndi mchenga womwewo, koma wothiridwa madzi amchere ndi mabakiteriya. Ubwino wake ndi woti simutsuka, ndipo musayese n'komwe kuutsuka ndi madzi apampopi chifukwa mupha chomwe mwagulacho. Chimene sindimakondwera nacho n'choti thumba limagulitsidwa pa kulemera kwake, ndipo gawo la kulemerako ndi madzi. Makilogalamu 9 a wonyowa sadzaza pansi ngati makilogalamu 9 a wouma, ndiye mumapezeka mukugula thumba lina lomwe simunaliwerengere. Fumbi lake limachititsa thanki kukhala mbuu kwa tsiku kapena awiri. Za tizilombo iwalani. Palibe amphipod amene angakhale miyezi m'pulasitiki yomata pa shelefu. Mabakiteriya ena amapirira, inde, koma ine ndimayezabe madzi ngati kuti ndayamba ndi wouma. Si chinthu choipa ayi, kungoti dzina lake limalonjeza zambiri kuposa zomwe zili mkatimo.

Tsopano wa kunyanja, umene unandiwawa.

Thanki yanga ya malita 200 inali itatha miyezi 5 ikuyenda bwino. Munali ma clownfish awiri (nsomba yaimuna ndi yaikazi) amene ndinasamuka nawo kuchokera m'kathanki kakang'ono, nditakhala nawo zaka ziwiri, ndi korali imodzi ya mtundu wa hammer coral imene inali itangoyamba kugawa mutu wachiwiri. Chomwe chinkandisowetsa mtendere n'choti usiku mchenga unali zii, wopanda choyenda. Ndinapeza wogulitsa pa intaneti amene ankati mchenga wake amautapa m'nyanja momwemo n'kuutumiza uli ndi zamoyo zake zonse. Ndinaitanitsa makilogalamu 10. Pofika polipira ndi pamene ndinaona kuti mtengo wotumizira mwachangu ukuposa wa mchengawo, popeza amawerengera madzi, bokosi losunga kutentha ndi zonse. Ndinalipirabe, poganiza kuti masiku awiri olonjezedwawo ndi chitetezo changa.

Bokosi linafika tsiku lachisanu ndi chimodzi. Nditangodula thumba, fungo la dzira lovunda linadzaza chipinda chonse. Fungo limenelo ndi hydrogen sulfide, imene imapangidwa okosijeni akatha ndipo mabakiteriya ena ayamba kugwiritsa ntchito sulphate wa m'madzi amchere. Mchenga unali ndi zigamba zotuwa ndi zakuda. Tanthauzo lake ndinkalidziwa: zamoyo zomwe ndinalipira zinali zitafera m'njira ndipo zinali kuwola. Koma ndalama zinali zitapita, ndipo mtima unakana kutaya. Ndinatsukako ndi madzi amchere kawiri, fungo linachepa, ndinathira m'thanki.

M'mawa mwake nsomba zonse ziwiri zinali pamwamba zikupuma mwabefu. Nditayeza, amoniya anali pa 1 ppm. Pa pH ya madzi amchere, cha m'ma 8.2, gawo lalikulupo la amoniya limakhala la mtundu wapoizoni kusiyana ndi m'madzi opanda mchere a pH yotsika, choncho mlingo umenewo si wamasewera. Ndinasintha theka la madzi, madzulo ndinasinthanso, koma mchenga unkangotulutsabe zowola. Yaimuna inafa usiku womwewo, yaikazi tsiku lachitatu. Hammer coral inakhwinyata, mnofu n'kusendeka, patatha sabata panatsala chigoba choyera. Nditalembera wogulitsa anandiyankha mwaulemu kuti chitsimikizo chawo chimafuna zithunzi zotumizidwa pasanathe maola ochepa bokosi litafika, ndipo ndalama yotumizira sabweza zivute zitani. Mawu amenewo analipo ndithu, pansi penipeni pa tsamba, m'tizilembo tating'ono.

Kuthira kunali kulakwa kwanga, sindikana. Mchenga wotumizidwa uyenera kuyamba wakhala m'ndowa yapadera, muli pampu ndi hita, pa 25°C ndi mchere wa 35 ppt (magalamu 35 pa kilogalamu ya madzi), mukuyeza amoniya ndi kusintha madzi mpaka zitakhazikika. Ndikudziwanso anzathu amene anaulandira pasanathe maola 24 ndipo anapezamo zamoyo zambiri kuposa njira ina iliyonse. Komabe ine sindidzaitanitsanso. Ubwino wake wonse wadalira ulendo umene inu mulibe pa iwo mphamvu, ndipo ukavuta wotaya ndinu nokha. Zokatapa nokha pagombe musaziganizire: mchenga wa m'mphepete umakhala ndi zonyansa zochokera kumtunda, ndipo m'malo otetezedwa n'zoletsedwa.

Chimene chinadzutsa thanki yanga pambuyo pake ndi kapu imodzi ya mchenga yochokera kwa mnzanga amene thanki yake yatha zaka 6. Sindibisa, njira iyi ndimaikondera. Tinatapa pamwamba pokha, masentimita 2 oyamba, osafika pansi pakuda, n'kuika m'kachidebe ndi madzi a m'thanki momwemo. Pasanathe ola ndinali nditagawa mchengawo m'malo anayi, ndikutsitsa kapu mpaka pansi pampu zitazimitsidwa. Patatha masabata atatu ma amphipod ankathamanga pagalasi, ndipo m'mbali mwa mchenga munayamba kuoneka tinjira ta nyongolotsi. Nthawi yothira ndi yofunika: dikirani amoniya ndi naitraiti zifike pa 0, apo ayi tizilomboto tifa. M'miyezi yoyamba muziwazako kachakudya pang'ono usiku, ndipo musaike nyama iliyonse yodya tizilombo ta mumchenga. Sand-sifting starfish ndiye ayi ndithu, imasesa zonse kenako n'kufa ndi njala.

Kapu ilinso ndi ngozi yake, ndipo ndingakhale wachinyengo nditaibisa. Tizilombo toyambitsa timadontho toyera pa nsomba, Cryptocaryon irritans, timakhala nthawi ina titamatirira pansi ngati tizikwa, ndipo timayenda ndi mchenga. N'chifukwa chake ambiri amasiya thanki yopanda nsomba masiku 76 pofuna kuthana nato. Zamoyo zina zovutitsa makorali, monga Aiptasia, ma flatworm ndi ma dinoflagellate, nazonso zimakwera kapu yomweyo. Choncho pitani mukaione nokha thankiyo, masana ndi usiku ngati n'kotheka, ndipo mufunse mwini wake kuti nsomba yomaliza anaiika liti komanso ngati inayamba yakhala kwayokha. Yabwino koposa ndi thanki ya makorali okhaokha imene yatha miyezi itatu mulibe nsomba. Mukapeza makapu awiri kapena atatu ochokera m'mathanki osiyana oterowo, mitundu ya zamoyo imachuluka.

Kuya kwa mchenga kumasintha kufunika kwa zonsezi. Pa masentimita 2 mpaka 5 mutha kumaupopa ndi payipi posintha madzi, ndipo tizilombo timangothandizira. Mukafuna wakuya wa masentimita 10 mpaka 15, monga ankalimbikitsira katswiri wa zamoyo za m'nyanja Ron Shimek, kuti pansi pasafike okosijeni ndipo naitreti azisanduka mpweya wa naitrojeni, ndiye kuti tizilombo ndi timene tikugwira ntchito yonse, ndipo popanda ito mchengawo umangosunga zinyalala. Pamenepo thumba la m'sitolo palokha silingakuthandizeni.

Kwa atatu aja ndi aliyense wofunsa pambuyo pawo, ine ndingachite chonchi: wouma wa mamilimita 1 mpaka 2, wotsukidwa bwino, wakuya masentimita 3 kapena 4, botolo la mabakiteriya, kenako kapu yochokera m'thanki yomwe mwaiona ndi maso anu. Amene msana sukumulola kutsuka agule wonyowa, koma awonjezere thumba limodzi pa zomwe wawerengera ndipo kapu ija aifunebe. Wa kunyanja mukaumirira kuuyesa, konzani ndowa yapadera bokosi lisanafike, ndipo muununkhize musanachite china chilichonse.