Ku Show tinakafika geti ili chitsekere

Abale nonse kumudzi moni. Alamu anandifunsa pa foni sabata yatha kuti kodi zithunzi za ana pa chigudumu chija munajambula kuti, nanga bwanji kumbuyo kwawo kulibe anthu ngati munachita lendi malo onse? Ndinaseka mpaka misozi, ine lendi ndiitenga kuti ndi kabizinesi kanga ka salaula aka kkkk. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi nonse mumve, makamaka inu amene mukuti chaka chamawa mudzabwera ndi ana nthawi ya Show.

Kwa amene simukudziwa, kuno ku Lusaka chaka chilichonse kumakhala chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda, anthu amangoti Show basi. Chimayamba kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti kukathera Lolemba loyamba la Ogasiti, limene kuno ndi holide ya Farmers' Day. Malo ake ndi ku Showgrounds, m'mbali mwa Great East Road moyandikana ndi Manda Hill ndi Arcades, msewu womwe uja mumadzera mukachoka ku Mchinji kudutsa pa Mwami, Chipata, Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa mpaka Chongwe, basi ikamalowa m'tauni mumadutsa pomwepo kungoti ambiri mumakhala mutagona ndi kutopa. Amene munapitako ku Trade Fair ku Chichiri muli nacho chithunzi, koma muonjezerepo ng'ombe, mathirakitala, oimba, ndi mbali ya ana kumene kumakhala akatungwe a makina, timagalimoto togundana tija, ma jampingi kaso ndi chigudumu chachikulu chokweza anthu m'mwamba. Kwa ana anga Show ndi mbali imeneyo, zina zonsezo ndi za abambo awo.

Chaka choyamba tinapita mwachikwathu. Mukudziwa mmene timachitira ndi ukwati, khadi ikati 9 koloko ife timayamba kusita 11. Tinadzuka bwinobwino, ndinachapa kaye, ndinaphika nsima kuti ana asakavute ndi njala, abambo awo anati apite kaye kukameta, mmene timatuluka kuno ku Chilenje dzuwa lili pamutu. Komanso tinasankha Lolemba la holide lenilenilo, tsiku limene Lusaka yense amati tiyeni. Minibasi inaima pa jamu tisanayandikire n'komwe, kondakitala anangoti "selukani muyende na mendo, apa sitizafika manje manje" ndiye tinatsika, ine wamng'ono kumbuyo, fumbi la Ogasiti lija likutimenya m'maso. Pogula tikiti mzere, polowa mzere, kuchimbudzi mzere. Titafika kwa akatungwe aja ndinangogwira pakamwa. Ana anaima pa mzere wa chigudumu kupitirira ola lathunthu, wamng'ono mpaka anagona chiimire atatsamira mwendo wanga, kukwera kwakeko mphindi zingati, ndinali ndisanamalize ndi kutsegula kamera ya foni ndinangoona akutsika. Tsiku lonse anakwera chinthu chimodzi. Pobwerera kunali kutayamba kuda, achinyamata obwerera oimba anali atadzaza ena atalawa kale, ndipo m'chipwirikiti cha pa geti foni ya abambo awo inapita ndi mwini luso. Tinafika kunyumba palibe wolankhula ndi mnzake. Ine ndinalumbira kuti Show ndi ine basi tathana.

Amene anasintha zinthu ndi mwana wanga wamkulu, wa giredi 7 uja. Ameneyu ndi foni yanga sasiyana, ndipo anapeza mavidiyo a anthu opita ku mapaki a Disney ku America, ija ya ku California imene inatsegulidwa 1955 ndi inzake yaikulu ya ku Florida ya 1971. Kumeneko eti kuli anthu amene amachita kukonzekera kufika nthawi yotsegulira isanakwane, amaima pamene ogwira ntchito atchinga njira ndi chingwe, nthawi ikakwana chingwe chija amachichotsa anthu n'kuyamba liwiro la mtondo wadooka, ngakhale kuthamanga kwenikweni amaletsa ndiye amangoyenda mwandawala ngati munthu wotsekula m'mimba. Zimenezo amazitcha rope drop. Mwana uja anandionetsa wina atakwera zinthu zinayi ola loyamba lokha, pamene masana chinthu chimodzi chomwecho anthu amadikira maola. Ndiye akuti amama ifenso chaka chino tichite rope drop. Ndinamuyankha kuti iwe ku Showgrounds kulibe chingwe kuli geti yachitsulo, koma mumtima ndinayamba kuganiza.

Abambo awo ndi amene anaimasulira bwino nkhaniyi usiku tikudya. Anati chigudumu chija n'chimodzimodzi chigayo. Chigayo chimagaya mlingo womwewo pa ola, kaya pabwere anthu awiri kaya mudzi wonse. M'mawa obwera amachepa kuposa zimene makina angathe ndiye ukafika ukuthira pompo, koma ikangokwana nthawi imene obwera achuluka kuposa otuluka, mzere umayamba kukula ndipo subwereranso m'mbuyo mpaka madzulo, aliyense wofika akungoonjezera pa ngongole ya anzake. Ndinati ndiye zimenezi ife tikuzidziwa kalekale bwanji. Ndani wa inu sanadzukepo tambala woyamba kukaika ndowa pa mjigo? Kukagula feteleza wa makuponi anthu amagona komweko, kuchipatala timalawira kukatenga malo pa benchi, mayi anga ankanyamuka nthanda itangotuluka kupita kuchigayo kuti 8 koloko akhale ali kumunda. Kulawira timakutha kwambiri ife, kungoti timakusungira zowawa zokhazokha, zikakhala zokasangalala timati aaa tifika mmene tifikiremo, ngati kuti kulawirira masewera n'kupusa. Inenso ndinkaona choncho, ndinkachita manyazi kuti aneba andiona ndikutuluka mbandakucha ndi ana n'kufunsa kuti kwagwanji, ine n'kuyankha kuti tikukakwera katungwe.

Koma tinachita. Tinasankha Loweruka osati Lolemba lija. Zonse ndinakonza usiku, zovala, madzi akumwa m'mabotolo, mazira owiritsa, mbatata, ndi vitumbuwa, paja kuno akati vitumbuwa akunena mandasi ang'onoang'ono a fulawa, osati zitumbuwa zathu za nthochi ndi mgaiwa, ine chaka choyamba ndinakhumudwa nazo kwambiri. Tinadzuka cha m'ma 5 magetsi atazima, kusamba ndi tochi ya foni, tiyi ndinawiritsa pa mbaula n'kuthira mu fulasiki. Ndipo musanamizidwe kuti Lusaka ndi kotentha, m'mawa wa nyengo imeneyi kumazizira ngati ku Dedza, kamphepo kake kolowa m'mafupa. Ana ndinawaveka majuzi ndi zipewa, wamng'ono ndinamufunditsa ndi chitenje pamwamba. Minibasi sitinaiyerekeze chifukwa m'mawa wa Loweruka imatha kuima pa siteji kudikira kuti idzaze, komanso kuchoka kwathu kuno umayenera kukatsikira m'tauni n'kukweranso ina, ndiye tinaitana Yango, takisi yoitanitsa pa foni, anayi tonse kamodzi, msewu uli mbee. Ulendo umene chaka chatha unatidyera maola tinauyenda ana asanamalize kukangana kuti akhale kuwindo ndani.

Pa geti tinapeza tili m'gulu la anthu ochepa oti ukhoza kuwawerenga. Ambiri anali ogwira ntchito m'mastandi, ovala mayunifomu a makampani awo akulowera geti yawo, azimayi ogulitsa zakudya atasenza mapoto, ndi alimi angapo achikulire a majekete aja amene ukangowaona umadziwa kuti awa abwerera ng'ombe osati oimba. Kutsogolo kwathu kunali agogo ena ndi adzukulu atatu, atamva tikulankhula anatembenuka n'kufunsa kuti "imwe ndimwe a ku Chipata?" tinati ayi ndife a ku Malawi, iwo akuti aaa ndi chimodzimodzi, ndise amodzi, ine kwathu ni ku Chadiza. Tinagawana tiyi wa mu fulasiki pomwepo. Anatiuza kuti iwo chaka chilichonse amabwera nthawi imeneyi ndipo pofika masana amakhala ali kunyumba akupumula, anthu a m'tauni ndi amene amakonda kuvutika. Kudikira kwake kunalipo ndithu sindikunamizani, tinaima kanthawi ndithu tikunjenjemera, abambo awo anayamba kale kung'ung'udza kuti tulo tawo tapita pachabe. Koma kudikira kozizira uli ndi kapu ya tiyi m'manja, pamalo poti mwana akhoza kuthamangathamanga ukumuona, n'kosiyana kutalitali ndi kudikira kopanikizana thukuta la munthu wina likukudonthera.

Atatsegula, tikiti tinagula ngati tikugula machesi pa okala. Apa ndi pamene mwana wanga wamkulu anakhala kapitawo. Anati palibe kuima, palibe kuyang'ana thirakitala, palibe kujambula, tonse molunjika kwa akatungwe, zinazo sizithawa. Abambo awo anayesa kupatukira ku standi ya mapampu a sola anakokedwa dzanja ngati mbuzi yopita kumsika.

Chimene mavidiyo aja sanatiuze ndi ichi. Tinafika koyambirira kwambiri moti eni makina anali asanakonzeke, wina akupukuta mipando, wina akumanga mabawuti, chigudumu anayamba achizungulitsa chopanda munthu kuti aone ngati chili bwino, zimene ine zinandikhazika mtima pansi kunena zoona chifukwa chaka chatha sindinaganizeko n'komwe zoti makina amenewa amachita kumangidwa ndi anthu sabata yomweyo. Komanso mnyamata wake anati sangayatse chifukwa cha ana awiri okha, mafuta a jenereta ndi odula, tidikire achulukeko. Mwayi wake adzukulu a agogo a ku Chadiza aja anafika, kenako banja lina la amwenye, basi chinanyamuka. Ndiye poti pansi panalibe mzere womudikira, mnyamata uja anawasiya azungulire nthawi yaitali kuposa ya masana ija, ana akukuwa m'mwamba kuti amama tikuona Manda Hill yonse. Zithunzi zimene munaona alamu ndi za nthawi imeneyo. Atatsika anapita ku timagalimoto togundana, kenako jampingi kaso imene inali isanadetsedwe ndi mapazi a ana chikwi, kenako anabwereranso ku chigudumu kachiwiri. Mmene imakwana 10 anali atakwera zonse zimene ndalama yathu ikanatha, ndipo anatopa okha osachita kuwakakamiza kuchoka.

Kenako inali nthawi ya abambo awo, ndipo apa ndivomere kuti ngakhale ine ndinasangalala. M'mawa ng'ombe zimakhala zikusambitsidwa ndi kupesedwa, nkhunzi za Boran ndi Brahman zija za linunda ngati chulu, zina zoti ukaima pafupi umadziona kuchepa. Anatifotokozeranso za ng'ombe zamakolo za kuno, za Angoni za kuchigawo cha kum'mawa zimene zikufanana kwambiri ndi zathu zija, za Tonga kumwera ndi za Barotse za nyanga zitalizitali kumadzulo. Chifukwa anthu anali ochepa, osamalira ziweto anali ndi mpata wocheza, abambo awo anafunsa za dibi ndi nkhupakupa mpaka ine kuwakoka. Ku mastandi a mbewu chimodzimodzi, alangizi ake m'mawa amakhala asanatope, amakufotokozera za chimanga chocha msanga ndi chopirira ng'amba modekha, pamene masana amangokupatsa kapepala osakuyang'ana ndi kumaso komwe. Amalume, timapepala tina ndakusungirani.

Cha m'ma 11 tinayamba kuona mtsinje wa anthu ukulowa. Tinapeza kamthunzi n'kukhala pansi kudya mazira athu ndi mbatata, ana ndinawagulira ayisikilimu ndi tchipisi kuti asaone ngati amayi awo ndi aumbombo. Tinadutsanso dala kwa akatungwe kuja pongofuna kuona, mzere wa chigudumu unali utakhota kale kawiri, ndipo ndinaona mayi wina mwana kumbuyo nkhope ili gwaa ngati ine chaka chatha, ndinamumvera chisoni koma kamtima kena kankaseka, Mulungu andikhululukire. 1 koloko ife tikutuluka, anthu pa geti akukankhana kulowa, wina mpaka anatifunsa kuti kodi mkati mwavuta chani kuti muzituluka pano.

Tizinthu tina ndinaphunzira ndi uja wakuba foni. Ndalama ndimanyamula zosinthasintha zing'onozing'ono m'kachikwama ka m'chiuno mkati mwa chitenje, chifukwa anthu akachuluka netiweki imalemera ndipo mobile money imatha kukuchititsa manyazi wagula kale. Wamng'ono ndinamulemba nambala yanga pamkono ndi bolopeni. Kuchimbudzi muwapititse ana m'mawa momwemo, masana musadzandifunse.

Chizolowezichi chatilowa tsopano. Ku Munda Wanga, malo osungirako nyama ku Chilanga, njira ya ku Kafue, tinapitanso m'mawa, ndi ku Lusaka National Park imene inatsegulidwa 2015 chimodzimodzi, nyama m'mawa zimakhala zikuyendayenda pamene dzuwa likakwera zimabisala pamithunzi ukungoona tchire. Aneba anga a ku Kasama amene ankandiseka tsiku lija pano akuti chaka chamawa tidzawagogodere.

Ndiye alamu, ngati ana adzakhale atatsekera sukulu, mudzanyamuke ku Lilongwe Lachinayi, chifukwa ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu ndipo mukafika pa depoti ya mabasi ya Intercity mudzakhala muli zii. Lachisanu mudzapume, Loweruka ndikudzakudzutsani 5 koloko ndipo sindidzamva zoti mutu ukuwawa. Majuzi a ana musadzaiwale, ndipo mudzanditengereko kambuzi ndi ufa wa kondowole pang'ono, wakuno sukundikomera.