JDBC Sink ya Kafka Connect pa sikelo za mbatatesi ku Lizulu

Ndimasamalira makompyuta a kagulu ka alimi komwe kamagula mbatatesi ndi kabichi ku Tsangano ndi midzi yozungulira Lizulu. Thumba likakwera pa sikelo, kalaliki amalemba pa foni nambala ya mlimi, makilo ndi mtengo. Uthengawo umalowa mu Kafka, pulogalamu yolandira ndi kusunga mauthenga pamndandanda, kenako uyenera kukafika mu tebulo la database ya PostgreSQL, poti amsungichuma amafuna kudziwa madzulo omwewo kuti mlimi aliyense alandira zingati. Ntchito yapakatiyi ndinaisiyira JDBC Sink Connector ya kampani ya Confluent, yomwe imayenda pa Kafka Connect, chida cholumikiza Kafka ndi mapulogalamu ena.

Kuikonza sikuvuta. Mumalemba kafayilo kamodzi kotchula topic (dzina la mndandanda wa mauthenga mu Kafka), adiresi ya database ndi dzina la tebulo, basi. Mukayatsa auto.create, imapanga yokha tebulolo.

Chomwe chandigwira mtima ndi upsert, kutanthauza kulemba mzere watsopano mu tebulo, kapena kusintha womwe ulipo kale. Kuno netiweki imadukaduka, makamaka foni ikayamba kukoka ya ku Mozambique, pajatu msika wa Lizulu uli pamalire penipeni. Kalaliki akaona kuti uthenga sunapite, amadinanso. Nayo connector imalonjeza kuti uthenga ufika kamodzi kapena kuposerapo, osati kamodzi kokha: magetsi akathima isanasunge pomwe inalekezera, ikadzuka imabwereza zina. Mukasiya insert.mode pa insert, thumba limodzi lilembedwa kawiri ndipo mlimi alipidwa kawiri. Mukaika upsert, imagwiritsa ntchito INSERT ... ON CONFLICT, yomwe PostgreSQL ili nayo kuyambira 9.5 mu 2016, ndipo mzere wobwerezedwa umangogona pamwamba pa woyambawo.

Koma apa tcherani khutu. Upsert imazindikira mzere wobwerezedwa poyang'ana kiyi, yomwe mumaisankha ndi pk.mode. Pali pk.mode ya kafka, yomwe imatenga topic, partition ndi offset (malo omwe uthenga uli mu Kafka) kukhala kiyi. Imeneyi imangoteteza kubwereza kwa connector. Kalaliki akadina kawiri, Kafka imaona mauthenga awiri osiyana, ma offset awiri, ndipo onse amalowa. Ife tinasankha record_key, yomwe imatenga kiyi yobwera ndi uthengawo, ndipo kiyi yathu ndi nambala ya thumba lililonse, yomwe imabadwira pa foni pomwepo pa sikelo. Zili ngati chizindikiro chomwe amalonda amalemba pa thumba lisanakwere lole: litsike kangati, likwere kangati, mwini wake sasokonekera.

Kumene connector imalemetsa ndi ku schema, dongosolo lofotokoza mtundu wa chigawo chilichonse cha uthenga. Uthenga wolembedwa mu kalembedwe ka JSON wamba, wopanda schema, siiulandira. Imafuna kudziwa kuti makilo ndi nambala, dzina ndi mawu. Ndiye mumasankha kalembedwe kena kotchedwa Avro pamodzi ndi Schema Registry yosunga ma schema, yomwe ndi pulogalamu ina yoti muziisamaliranso, kapena JSON yonyamula schema mu uthenga uliwonse. Ine ndinatenga yachiwiriyi, ndipo schema imawonjezeredwa pa seva kuti bandulo ya makalaliki isamathere ziii. Uthenga wokhala ndi zigawo m'kati mwa zigawo umafunika kuuyala kaye ndi Flatten.

Komiti itagwirizana zoti tizisiyanitsa mbatatesi zazikulu ndi zazing'ono, auto.evolve inawonjezera yokha kolamu ya giredi. Imatero ngati kolamu yatsopanoyo ikuloledwa kukhala yopanda kanthu kapena ili ndi default, choikiratu chodzaza malo osalembedwa. Kuchotsa kolamu kapena kusintha mtundu wake, imeneyo ndi yanu, muchite pamanja.

Kanthu kena kakang'ono: db.timezone imayambira pa UTC, nthawi yomwe mayiko onse amawerengerapo, pomwe ife tili maola 2 patsogolo. Malole opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe amapakira usiku, ndiye thumba loyezedwa 1 koloko m'bandakucha lingaoneke ngati ladzulo. Ikani Africa/Blantyre.

Nanga ndingailimbikitse kwa aliyense? Ayi. Kafka ndi Connect zonse zimayenda pa Java, ndipo zimadya memory mosaumira. Kafka inapangidwa ku LinkedIn, komwe mauthenga amasefukira usana ndi usiku, ndipo batch.size ya connector, malire a mauthenga omwe imalemba pakamodzi, imayambira pa 3000, chiwerengero chomwe sikelo zathu sizifika ngakhale tsiku la msika waukulu. Ife tinaitenga chifukwa mauthenga omwewa amawerengedwanso ndi pulogalamu yotumiza SMS kwa alimi, komanso database ikagwa, Kafka imawasunga mpaka idzuke. Ngati muli ndi sikelo imodzi ndi tebulo limodzi, kapulogalamu ka Python kolemba ON CONFLICT molunjika kakukwanirani, ndipo kayenda ngakhale pa laputopu yakale ya mu ofesi.