Patatha miyezi 9: kamera yanga ya m'madzi ndi nsomba ya Moorish idol ku Nacala

Pogula kamera ya Olympus Tough TG-6 ndinawauza anzanga kuti ndidzanena za iyo ikadzamwa madzi okwanira. Lero yakwanitsa miyezi 9, ndipo pafupifupi Loweruka lililonse imalowa nane m'nyanja yamchere kuno ku Nacala, komwe ndimagwira ntchito yoona katundu wopita kumudzi pa njanji.

Chimene chinandichititsa kuigula ndi nsomba. Ine kusambira ndinaphunzirira ku Cape Maclear, pakati pa mbuna za ku Thumbi ndi Otter Point, ndipo ndinkati nsomba zokongola ndinaziona kale zonse. Tsiku lina ku gombe la Fernão Veloso ndinazika mutu m'madzi pafupi ndi makorali, tizamoyo ta m'nyanja tomanga zinthu zooneka ngati miyala, n'kuona ziwiri zikudutsa mwaulemu ngati akwati akulowa m'tchalitchi. Thupi laphwatalala ngati mbale, mizere yakuda, yoyera ndi yachikasu, mlomo wautali wokhala ndi kachigamba kofiirira pamwamba, ndiye chipsepse chakumsana chotalika ngati ulusi woyera chikutsata m'mbuyo. Azungu amaitcha Moorish idol, akatswiri amati Zanclus cornutus, ndipo m'banja lake lonse yatsala yokhayo. Siikula kupitirira masentimita 23, koma ikadutsa maso sayang'ananso kwina.

Kamera yokhayo yapirira. Anailemba kuti imafika mamita 15 popanda chikwama chapadera, ndipo ine, wongopumira pakapaipi n'kumira pang'ono, sindipitirira mamita 6. Madzi sanalowemo ngakhale dontho. Chinsinsi chake ndi ntchito yapambuyo: ndikangofika kunyumba ndimaiviika m'beseni la madzi a pampopi, n'kumadinadina mabatani ili momwemo kuti mchere uchoke, kenako n'kuiumitsa pamthunzi. Ndisanatseke kachitseko ka batire ndimayendetsa chala pa kamphira kake. Tsiku lina ndinapezapo katsitsi kamodzi katapingasa, ndipo kakanakwana kulowetsa nyanja yonse. Kamodzi kokha galasi linachita nthunzi mkati, chifukwa ndinasintha batire pagombe kukutentha n'kulowa nayo m'madzi ozizirirapo. Chiyambire pamenepo ndimatsekera kunyumba.

Miyezi itatu yoyamba zithunzi zinkatuluka zobiriwira, chikasu cha nsombayo chitafa. Madzi amameza kuwala kofiira msanga, moti pofika mamita 5 kumakhala kutatsala pang'ono. Kamerayi ili ndi makonzedwe a mtundu a madzi osaya, apakati ndi akuya, ndipo ndikasankha oyenera, n'kujambula mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga chithunzi chisanakonzedwe ndi kamera) kuti ndikakonze pa kompyuta, chikasucho chimabwerera. Fulashi ndinaisiya. Imawalitsa tizinyalala toyandama, chithunzi n'kudzaza timadontho ngati mwawaza ufa. Kukachita mitambo zithunzi zimakhala ndi timchenga, monga zimachitira makamera onse ang'onoang'ono, choncho ndimalowa dzuwa litakwera, cha m'ma 10 koloko, madzi atadekha.

Koma chimene chinanditengera nthawi ndi khalidwe la nsombayo. Mbuna zimakubwerera zokha mpaka kukujompha zala. Iyi ayi. Ukaithamangira imakupatsa mchira, ndipo ndili ndi zithunzi zambirimbiri za michira yakuda. Ukaiyang'ana chamaso ndi yopyapyala ngati tsamba, kukongola konse kuli m'mbali. Komanso m'madzi chinthu chimaoneka pafupi kuposa pomwe chili, ndiye umaganiza kuti wayandikira pomwe padakali mtunda. Ndinayamba kungoyandama phee n'kumaona njira yake. Ndinapeza kuti ziwiri zija zimazungulira mwala umodzimodzi, zikutompha masiponji m'ming'alu ndi mlomo wautaliwo, ndipo zikachoka zimabwereranso. Ndiye ndinayamba kumira zisanafike, n'kudikira chapansi pang'ono kamera italoza m'mwamba, osagwira makorali ngakhale ndi chala.

Chithunzi chomwe ndimanyadira ndinachipeza mwezi wa 7. Nsombayo inaima cham'mbali, pafupi moti ndikanatha kuikhudza, ulusi wake utapinda ngati uta, kumbuyo kuli madzi okhaokha. Nditachikulitsa ndinaona timinyanga tiwiri pamwamba pa maso, tomwe tinachititsa kuti itchedwe cornutus, kutanthauza kuti ya nyanga, timene ndi maso anga ndinali ndisanationepo. Ndinakhala ndikuchiyang'ana mpaka tiyi anazizira.

Mnzanga wina ataona chithunzicho anati ndi nsomba ina yotchedwa bannerfish. Zimafananadi, koma yang'anani mchira: wa bannerfish ndi wachikasu, wa Moorish idol ndi wakuda. Wina anafunsa ngati angaiwete m'thanki yagalasi. Ndinamuchonderera kuti asayese, chifukwa nsombayi imakana chakudya ikagwidwa ndipo zambiri zimafa msanga.

Ndikanati ndigulenso, ndikanagula yomweyi, koma tsiku lomwelo ndikanagulanso batire yachiwiri ndi chingwe choyandama cha padzanja, poti kamerayi ikapulumuka imamira. Mu Disembala ndikupita nayo kumudzi, ndikaiyese pa mbuna za ku Thumbi.